Mmene mungasankhire magemu abwino pa TV gemu yakale ya makatiriji achikasu

Mwezi wa June mlamu wanga wa ku Chiputula, kuno ku Mzuzu, ankasamuka nyumba, ndipo pansi pa katoni ya mabuku akale anapeza TV gemu ija tinkalimbirana tili anyamata. Mapadi onse awiri analipo, ngakhale chingwe cha imodzi chinali chokulungidwa ndi selotepi. Anandiimbira foni. "Alamu, kodi chinthuchi chingayakebe? Anawa andisowetsa mtendere, kunjaku kukuzizira sakutuluka."

Chinayaka. Vuto linabwera pambuyo pake. Pa TV panatuluka mndandanda wa magemu wosaoneka polekezera, ana akudina iyi, mphindi imodzi aisiya, adina ina, mpaka wamkulu anaponya padi pampando n'kunena kuti, "Amalume, magemu anuwa ndi obowa."

Mwanayo sanalakwe kwenikweni. M'makatiriji aja, timabokosi ta magemu tolowetsa m'makina, gaga ndi wambiri, mphale yake ndi yochepa, ndipo munthu amene sanakule nawo sangadziwe popetera. Nazi njira zimene ndimatsata ine.

Choyamba, dziwani makina amene muli nawo

Makina amene ambiri tinkangowatchula kuti TV gemu anali makope a Famicom, imene kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan pa 15 July 1983. Ku America inafika mu 1985 ili ndi thupi lina komanso dzina lina, NES. Kuno kwathu yeniyeni ya Nintendo inali yosowa. Zimene zinkadzaza m'misika zinali zopangidwa ku China ndi ku Taiwan, zina zitavala thupi la PlayStation, zina zili ndi kiyibodi ngati kompyuta, koma mkati mwake zonse zinali Famicom yomweyo.

Izi muzidziwe musanagule katiriji iliyonse. Katiriji ya Famicom ndi yaifupi, ili ndi mano 60. Ya NES ndi yaikulu, yotuwa, ili ndi mano 72. Sizilowana. Wachibale wa kunja akakutumizirani makatiriji otuwa aja, pamafunika kachipangizo kolumikizira pakati, apo ayi angokhala okongoletsa pashelefu.

Pali mitundu ina iwiri imene yafala masiku ano. Wina ndi kabokosi kopanda polowetsa katiriji, magemu ali mkati momwemo, pakatoni atalemba nambala yaikulu monga 620. Wina ndi kachipangizo konga fulashi kolowetsa kumbuyo kwa pulazima, mapadi ake opanda zingwe. Magemu amene nditchule pansipa amapezeka m'mitundu yonseyi, kotero malangizowa akuthandizanibe.

Za magetsi ndinenepo pomwe pano, chifukwa makina ambiri amafera apa. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene a ku Japan ndi 100, a ku America 120. Adaputa yochokera kumeneko mukaibaya pakhoma mwachindunji mumva fungo la kupsa. Komanso adaputa ya NES ya ku America imatulutsa magetsi a mtundu wa AC, pamene Famicom ndi makope ake amafuna DC. Pulagi yake imatha kulowa bwinobwino, koma makina amapita. Adaputa ikatayika, nyamulani makinawo kwa wokonza mawailesi awerenge zolembedwa kunsi kwake, osangotola ya dikoda kapena ya sipika chifukwa choti mutu wake wakwana.

Chachiwiri, musakhulupirire nambala ya pakatiriji

Katiriji yolembedwa 9999999 in 1 siinakhalepo ndi magemu ochuluka chomwecho. Imakhala ndi magemu ochepa, mwina osakwana khumi, ndipo opangawo amangowabwereza ndi mayina ena. Nambala 1 ndi Mario woyambira poyambirira, nambala ina ndi Mario yemweyo woyambira dziko lachitatu, ina ndi Mario yemweyo atamusintha mtundu wa ovolosi. Tili ana tinkakhulupirira kuti kumapeto kwa mndandanda kuli gemu yobisika imene palibe anaionapo, ndipo tinkatha madzulo onse tikutsitsa muvi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Magemu oyambirira a Famicom anali aang'ono kwambiri. Super Mario Bros. yonse ndi makilobaiti 40, kuchepera chithunzi chimodzi cha pafoni yanu. Magemu otero ankakwana ambiri pakatiriji imodzi yotchipa. Magemu a pambuyo pake, monga Super Mario Bros. 3, anali aakulu kangapo ndipo ankafuna kachipangizo kapadera mkati mwa katiriji, choncho ankabwera okha, kapena atatu, kapena anayi. Nthawi imeneyo lamulo linali lakuti nambala ikachepa gemu yake ndiye yabwino. Makatiriji atsopano olembedwa manambala ngati 150 in 1 amakhaladi ndi magemu osiyanasiyana ambiri, aakulu omwe, koma ngakhale amenewa muwayese kaye.

Muchite chonchi. Tengani pepala ndi cholembera, muyatse makina, mutsegule magemu makumi awiri oyambirira imodziimodzi. Mukangoona gemu yoyamba yabwereranso ndi dzina lina, mndandanda weniweni wathera pomwepo, zotsalazo musavutike nazo.

Chachitatu, werengani anthu amene ali pabalaza

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Amafunsa kuti gemu yabwino koposa ndi iti, pamene funso loyenera ndi lakuti mapadi awiriwa agwira ndani. M'nyumba zathu TV ndi imodzi, ana ndi anayi, kuphatikizapo a neba amene abwera kudzaothera mbaula. Gemu imene mmodzi amasewera ena onse akuyang'ana imayambitsa ndewu isanathe ola. Choncho yambani ndi magemu amene awiri amasewera nthawi imodzi.

Woyamba kwa ine ndi Battle City, ya kampani ya Namco, ya mu 1985. Pamakatiriji ambiri mudzaipeza yolembedwa Tank kapena Tank 1990, imene ndi gemu yomweyo itawonjezeredwa zina ndi anthu a ku China. Muli ndi kasinja wanu, mnzanu ali ndi wake, ndipo pansi pa sikirini pali chiwombankhanga chozingidwa ndi njerwa. Akasinja a adani makumi awiri amatsika kuchokera pamwamba pa siteji iliyonse. Chipolopolo chimodzi chikakhudza chiwombankhangacho gemu yatha, ngakhale mutakhala ndi miyoyo yotsala. Ngakhale chipolopolo chanu chomwe chimachipha, ndipo mwana aliyense amaphunzira zimenezi mowawa kamodzi.

Ndimaikonda chifukwa mwana wa zaka zisanu amaimvetsa m'mphindi ziwiri, koma imafuna kugawana ntchito. Wina akhale mlonda pansi, wina apite kukasaka. Kasinja wa adani amene akuthwanima mofiira mukamuwombera, pamatuluka mphatso. Nyenyezi imalimbitsa mfuti yanu, ndipo mukatola zitatu mumaswa ngakhale khoma lachitsulo. Fosholo imasandutsa njerwa za chiwombankhanga kukhala chitsulo kwa kanthawi. Wotchi imaumitsa adani onse. Bomba limawaphulitsa onse amene ali pa sikirini. Chipewa chimakutetezani kwa masekondi angapo. Mukawombera mnzanu safa, amangouma pamalo amodzi kwa kanthawi, ndipo nthawi imeneyo ndi imene adani amamupeza. Masiteji ake ndi 35. Palinso gawo lolembedwa Construction pomwe mumamanga siteji yanuyanu, ndipo ana a mlamu wanga anatha tsiku lonse akulemba mayina awo ndi njerwa.

Wachiwiri ndi Contra, ya Konami, imene inafika pa makinawa mu 1988. Asilikali awiri, wina wa buluku labuluu wina lofiira, akuthamanga m'nkhalango akuwombera chilichonse choyenda. Gemuyi ndi yovuta, chipolopolo chimodzi mwafa, ndipo miyoyo ndi itatu yokha. Ndiye musanadine Start, pa sikirini ya dzina la gemu, dinani motere: mmwamba, mmwamba, pansi, pansi, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A. Mukatero muyamba ndi miyoyo 30. Ngati mukusewera awiri, dinani Select kusankha osewera awiri musanadine Start. Makatiriji ena akuba anaika kale Contra ya miyoyo 30 pamndandanda, moti simuvutikanso.

Mfuti imene muyenera kuisaka ndi ya chilembo S, yomwaza zipolopolo zisanu nthawi imodzi. Mukaipeza musatolenso chilembo china mwaumbombo, chifukwa chatsopanocho chimachotsa chakale. Pa siteji yachitatu, ya mathithi, mumakwera chokwera, ndipo amene ali pamwamba akathamanga kwambiri sikirini imasiya mnzake pansi n'kufa. Ndiponso amene miyoyo yamuthera amatha kutenga moyo wa mnzake podina batani. Zinthu ziwirizi zinathetsa maubwenzi ambiri ku Masasa komwe ndinakulira, choncho gwirizanani malamulo musanayambe. Masiteji ndi asanu ndi atatu, ndipo awiri odziwa amaimaliza isanakwane ola.

Mukakhala ndi katiriji yatsopano ya magemu aakulu, fufuzani Chip 'n Dale Rescue Rangers ya Capcom ya mu 1990. Ndi tiagologolo tiwiri tonyamula mabokosi n'kugenda nawo adani, ndipo wina amatha kunyamula mnzake pamutu. Izi zimathandiza kwambiri mukamasewera ndi mwana wamng'ono, chifukwa pamalo ovuta kudumpha mumangomusenza n'kuwoloka naye. Snow Bros nayo ndi yabwino kwa ana. Mumakwirira mdani ndi chipale mpaka asanduke mpira, kenako mumaukankha ukugudubuza anzake onse.

Ya nkhonya sankhani Double Dragon II, osati yoyamba. Double Dragon yoyamba pa makinawa siilola awiri kuyenda limodzi m'nkhani yake, mumachita kulandizana. Yachiwiri imalola, ndipo ili ndi njira ziwiri: pa A nkhonya zanu sizimupweteka mnzanu, pa B zimamupweteka. Ana apatseni A.

Za mpira ndinene zoona, musayembekezere zambiri. Gemu yongolembedwa Soccer ya mu 1985 imayenda ngati osewera ake avala magamubutsu m'matope a ku Ching'ambo. Yosangalatsa ndi Nintendo World Cup ya mu 1990, momwe mulibe woyimbira, mumagwetsana mmene mungathere, ndipo wosewera amene wamenyedwa kwambiri amangogona pabwalo osadzukanso mpaka chigawo chitatha. Timu ya Cameroon ilimo. Si mpira weniweni koma anthu amaseka mpaka misozi.

Chachinayi, sankhani imodzi kapena ziwiri za munthu mmodzi

Pamafunikanso gemu ya usiku ana atagona, kapena ya mwana amene amakonda kulimbana ndi chinthu payekha.

Super Mario Bros. ya mu 1985 mwina muli nayo kale, imapezeka pa makatiriji ambiri a magemu ochuluka. Anaipanga ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka, ndipo siteji yoyamba anaikonza kuti ikuphunzitseni popanda kulemba mawu alionse. Kamdani koyamba kamabwera pang'onopang'ono kuti muphunzire kudumpha, ndipo bowa woyamba amagunda paipi n'kubwerera kwa inu kuti mumugwire ngakhale mukumuthawa. Mwana musamuuze chochita, mpatseni padi muone.

Ili ndi maiko asanu ndi atatu, lililonse masiteji anayi. Zinthu ziwiri zikupulumutsani. Miyoyo ikatha n'kubwerera pa sikirini yoyamba, gwirani A osasiya kenako dinani Start, muyambira dziko limene munafera m'malo mobwerera poyambirira. Ndipo pa siteji 1-2, ya pansi pa nthaka, mukafika pa zikepe zokwera ndi kutsika chakumapeto, kwerani mudumphire pamwamba pa denga la njerwa, muthamange kudutsa paipi yotulukira. Mupeza mapaipi atatu opita ku dziko 2, 3 ndi 4. Pa 4-2 palinso njira ngati imeneyi yofika mpaka dziko 8. Kuno magetsi amatha kuzima muli pakati pa gemu ndipo gemuyi siisunga pomwe mwafika, ndiye njira zachidulezi si kuba ayi.

Dziwani kuti Mario ya osewera awiri ndi yolandizana. Luigi, wa wosewera wachiwiri, amadikira mpaka Mario afe, ndipo ngati Mario ali m'manja mwa katswiri, mwini Luigi akhoza kupita kumsika n'kubwerako.

Gemu imene ndimaiika pamwamba pa onse ndi Super Mario Bros. 3, ya mu 1988 ku Japan, 1990 ku America. Mario amatola tsamba n'kumera mchira, akathamanga mokwanira amauluka. Dziko lililonse lili ndi mapu ake, chipululu, nyanja, dziko la zimphona momwe chilichonse ndi chachikulu, ndipo pafupifupi siteji iliyonse imabweretsa chinthu chimene simunachionepo. Kuipa kwake n'kwakuti ndi yaitali koma siisunga. Mankhwala ake ndi chitoliro. Pa siteji 1-3, chakumapeto, pali bokosi loyera m'mwamba. Kwerani pamenepo, mugwire batani la pansi kwa masekondi angapo mpaka Mario agwere kuseri kwa zithunzi, kenako thamangani kumanja osaima mpaka mudutse kuseri kwa mdima wa kumapeto. Mulowa m'kanyumba momwe muli chitoliro chodumphira maiko. Komabe ulendo woyamba musadumphe, maiko apakatiwo ndiwo nyama yake.

Mega Man 2, ya Capcom, ndi ya amene amakonda zovuta. Pamakatiriji ochokera ku Asia imalembedwa Rockman 2, musaidutse. Mumasankha nokha bosi woyamba, mdani wamkulu wa kumapeto kwa siteji, pakati pa asanu ndi atatu, ndipo mukamugonjetsa mumatenga chida chake, chimene chimakhala chofooketsa bosi wina. Yambani ndi Metal Man, chifukwa macheka ake amaponyedwa mbali zisanu ndi zitatu ndipo sathetsa mphamvu msanga. Ubwino wina kwa ife, ikatha siteji imakupatsani timadontho pa tebulo la mabokosi. Jambulani ndi foni kapena lembani papepala, mawa mudzayambira pomwepo.

Adventure Island ya Hudson Soft ya mu 1986 ambiri timaikumbukira ndi chikondi, kamnyamata kovala masamba kakuponya nkhwangwa, kakudya nthochi ndi zinanazi kuti mphamvu isathe. Ndinaibwereranso chaka chino ndipo ndiyenera kuvomera kuti ndi yankhanza, ndipo masiteji ake amangobwerezabwereza. Sewerani kuti mukumbuke kale, koma mwana woyamba kumene musamupatse. Mpatseni Kirby's Adventure ya mu 1993 ngati ilipo. Kirby amauluka nthawi iliyonse imene wafuna, choncho kawirikawiri sagwera m'maenje, ndipo amameza adani n'kutenga luso lawo. Inatuluka makinawa atakalamba, opanga atadziwa kale kufinya mphamvu yake yonse, moti zithunzi zake mwana wa lero sazinyoza.

Chachisanu, musaiwale akuluakulu

Mlongo wanga anakana kugwira padi kwa sabata yonse, ati ndi zachibwana. Ndinamuikira Tetris. Usiku womwewo nsima inachedwa.

Tetris anaipanga Alexey Pajitnov ku Moscow chapakati pa zaka za m'ma 1980. Mulibe mdani, mulibe nkhani, ndi zidutswa zisanu ndi ziwiri zosiyana maonekedwe zikugwa, inu n'kumazisanja kuti mzere udzaze n'kufufutika. Langizo limodzi lokha: siyani mpata wa bokosi limodzi m'mbali, musanje kwina konseko mosasiya mabowo, ndipo chidutswa chachitali chikabwera muchiponye mumpatamo chifufute mizere inayi nthawi imodzi. Pa makinawa pali Tetris ziwiri zodziwika. Ya Nintendo ya mu 1989 ndi ya munthu mmodzi, ndipo ndi imene mnyamata wa ku America wa zaka 13, Willis Gibson, anasewera mu December 2023 mpaka gemu inauma pa levo 157. Ya kampani ya Tengen inachotsedwa m'masitolo mu 1989 kaamba ka milandu, koma imapezeka kwambiri pamakatiriji akuba, ndipo ubwino wake awiri amasewera nthawi imodzi.

Dr. Mario ya mu 1990 ndi m'bale wake, mumasanja makapusozi amitundu itatu kuti muphe tizilombo m'botolo. Pa osewera awiri aliyense amasankha levo yake ndi liwiro lake, kotero gogo akhoza kuyamba ndi tizilombo tochepa, mdzukulu wothamanga zala n'kupatsidwa botolo lodzaza, mpikisano n'kukhala wachilungamo.

Circus Charlie, Road Fighter, Galaga, Excitebike ndi Bomberman ndi magemu a mphindi zisanu. Ndi abwino podikira chakudya kapena polandizana anthu ambiri, wafa wapereka padi. Road Fighter ikuphunzitsani kuti mafuta kutha galimoto ili pafupi ndi kofika si nkhani ya lero.

Chachisanu ndi chimodzi, mfuti ija ndi TV yanu

Aliyense amafunsa za Duck Hunt, abakha aja ndi galu woseka ukaphonya. Pa pulazima siigwira, ndipo si kuti mfuti yafa. Mfutiyo siitulutsa kanthu, mkati mwake muli kadiso koona kuwala. Mukakoka, sikirini imada bii kwa kamphindi kochepa zedi, kenako pamene pali bakha pamaoneka bokosi loyera, ndipo kadisoko kakaona kuyerako pa nthawi yake makina amadziwa kuti mwalasa. TV zakale za chimimba kumbuyo zimaonetsa chithunzi nthawi yomweyo chafika. Pulazima imayamba yachikonza, ndipo kuchedwa pang'ono kumeneko n'kokwanira kusokoneza zonse.

Ngati TV yakale ikadalipo kuchipinda kapena kumudzi, musaitaye. Magemu onsewa amaoneka bwino pa iyo kuposa pa pulazima, ndipo Mario amadumpha nthawi yomweyo mwadina. Pa Game A ya Duck Hunt, amene wagwira padi amatha kuwongolera bakha pamene mnzake akuwombera. Ambiri tinakula osadziwa.

Ngati muli ndi pulazima yokha, lowetsani chingwe chachikasu pa chithunzi ndi choyera pa mawu, musankhe AV. M'makonzedwe a chithunzi fufuzani Game Mode kuti kuchedwa kuchepe, ndipo muike chithunzi pa 4:3 kuti Mario asanenepe. Chithunzi chikatuluka chopanda mitundu, nthawi zambiri ndi kusagwirizana kwa PAL ndi NTSC. Kuno timagwiritsa PAL, ya zithunzi 50 pa sekondi, pamene Japan ndi America ndi NTSC, ya 60. Sinthani pa makonzedwe a mitundu a TV. Kusiyana kumeneku ndiyenso chifukwa chake nyimbo ya Mario mukaimva pa intaneti imaoneka yothamanga kuposa mmene mukuikumbukira. Makina athu ankayendetsa magemu mochedwerapo pang'ono.

Chachisanu ndi chiwiri, zoyenera kuzidutsa

Magemu olembedwa Mortal Kombat, Street Fighter II, Tekken kapena FIFA pa makina awa ndi opangidwa mwakuba, eni mayinawo sanawatulutse pa Famicom. Chithunzi cha pakatiriji chimakhala chokongola, mkatimo muli tianthu tonjenjemera tosamva batani. Chimodzimodzi Mario 7, Mario 10, Mario 14. Nintendo inalekeza pa 3 pa makinawa, enawo ndi magemu ena atangowaika mutu wa Mario.

Dutsaninso magemu ofuna kuwerenga kwambiri, monga Dragon Quest ndi Final Fantasy, ngati atuluka m'Chijapani. The Legend of Zelda ndi gemu yabwino zedi koma imatenga masiku, ndipo imadalira kabatire ka mkati mwa katiriji kuti isunge pomwe mwafika. Makatiriji otchipa ambiri alibe kabatireko. Yesani kaye: sungani, zimitsani makina, yatsaninso. Dzina lanu likasowa, musataye nthawi.

Pogula

Katundu wotereyu amabwera pamodzi ndi mawailesi ndi matochi, choncho yendani m'mashopu a zamagetsi m'tauni ndi m'misika, mufunsenso okonza ma TV, amene nthawi zina amakhala ndi makina akale amene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Musalipire musanaone chithunzi pa TV. Ine ndinagulapo katiriji kwa mnyamata wina amene analumbira kuti, "Bwana, muli Contra weniweni umu," ndipo kunyumba ndinapeza magemu asanu a makhadi a Chitchaina. Nditabwerera mawa lake benchi linalipo, mwini wake kulibe.

Yesani mapadi onse awiri, batani lililonse. Gemu yabwino yoyesera ndi Contra, chifukwa imafuna kuwombera chopingasa, ndipo padi yotha imalephera pamenepo. Pa Mario gwirani B mukuthamanga n'kudina A, muone ngati onse awiri akumveka limodzi. Mukamagula padi yapadera werengani mabowo a pulagi yake, chifukwa ena ndi 9 ena 15. Mabatani awiri owonjezera pamwamba pa A ndi B ndi owombera mosalekeza mukangogwira, othandiza pa Contra, osokoneza pa Mario. Siyani makinawo akuyaka mphindi khumi muli pomwepo, chifukwa ena amayamba bwino kenako n'kuuma akatentha.

Katiriji ikakana

Tonse tinkauzira mpweya. Zinkaoneka ngati zikuthandiza, koma chimene chinkathandiza ndi kuitulutsa n'kuilowetsanso. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo Mzuzu chinyezi tili nacho kale chokwanira, nsapato zimachita nkhungu m'kabati. Mano a katiriji amada n'kuyamba dzimbiri. Tengani kamtengo ka thonje kotsukira m'makutu, mukanyowetse pang'ono ndi sipiriti yoyera ya ku famase, mupukute mano mbali zonse ziwiri mpaka thonje lisiye kuda, mudikire iume. Sipiriti yapepo ija imasiya utoto, ipeweni. Musatulutse kapena kulowetsa katiriji makina akuyaka, ndipo mukamaliza kusewera zulani adaputa pakhoma, chifukwa imatentha ngakhale makina ali ozimitsa, komanso magetsi akabwera mwamphamvu imayamba kupsa ndi iyo. Makatiriji asungeni m'kontena yotseka bwino, kutali ndi khoma lonyowa.

Pomaliza bwererani ku pepala lija. Lembani nambala ya gemu iliyonse yabwino ndi dzina lake, zisapitirire zisanu ndi chimodzi, mulimate ndi selotepi pamwamba pa makina kuti ana asasocherenso mumndandanda. La kwa mlamu wanga lili ndi Tank, Contra, Mario, Tetris ndi Snow Bros. Loweruka lapitali ndinapeza wina wawonjezerapo Circus Charlie ndi pensulo, ndipo mwana uja ananena kuti magemu anga ndi obowa anandipatsa padi yachiwiri, ya selotepi ija, n'kundilamula kuti, "Amalume, inu khalani pansipo muzilondera mbalame, kumtundaku musabwereko."